Nambala pa Thunthu

Kuno ku Alentejo dzuwa la Juni silidikira munthu.
Timalowa m'nkhalango tambala asanatsirize kulira,
amuna patsogolo ndi nkhwangwa zawo,
ine pambuyo ndi chitini cha penti woyera.

Iwo amasenda khungwa,
lija lopangira zotsekera mabotolo a vinyo.
Ine ndimalemba nambala ya chaka pa thunthu lovulidwalo
kuti pasapezeke woukhudzanso mtengo
zisanathe zaka zisanu ndi zinayi.

Mlamu wanga Custódio wagwira nkhwangwa zaka makumi anayi.
Sayang'ana kwambiri, amatchera khutu.
Akatema pang'ono, n'kupotoza mpini,
khungwa lovomera limalira ngati chitseko chakale.
Lokana limangoti zii.
"Likakana lisiye," amatero,
"lero mtengo sunadzuke bwino."

Chaka chino mwana wake Eulália wabwera kuchokera ku yunivesite ya ku Évora
ndi kabokosi, mawaya awiri, ndi tisingano.
Watibaya m'munsi mwa nthambi,
wakhala pansi, nyerere zikumukwera m'miyendo osazimva.
Nkhwangwa italowa, kamzere ka pagalasi kanadumpha.
Kanadumphadi. Ndinaona ndi maso angawa.

"Ndiye wamva kuwawa?" ndinafunsa.

"Azakhali, musathamange," anatero.
"Ndi magetsi ochepa oyenda m'thupi mwake,
uthenga wochoka pa bala kupita kumasamba.
Belu la pakhomo nalonso limalira mukalidina,
koma silidziwa kuti kwabwera alendo.
Mtengo ulibe ubongo.
Sindinganene kuti muli wina m'katimo."

"Nanga unganene kuti mulibe?"

Anangokanda pamene nyerere inamuluma.

Masana, tikudya buledi ndi nyama ya nkhumba pamthunzi,
Custódio analoza mtengo wa kumtunda kwa chitsime,
uja wa chipsera chachitali ngati mkono.
"Ndine ndinachita zimenezo,
chaka chimene mayi ako anagonekedwa m'chipatala.
Manja anali pano, mutu uli ku Beja.
Nkhwangwa inapitirira, n'kudya mnofu.
Ndabwererako kawiri chichitikire zimenezo,
ndipo mbali imeneyo khungwa silindivomera."

"Ndi chipsera chabe, bambo.
Pamene panapola mokhota sipasendeka."

"Eya," anatero. "Inenso ndi momwemo."

Palibe anaseka. Thirakitala inabwera kudzatenga makungwa.

Ine sukulu ndinalekeza panjira,
koma pali chimene ndimachidziwa chifukwa ndimafika womaliza,
phokoso litapita kutsogolo.
Thunthu longosendedwa kumene limakhala lonyowa, lozizira,
lachikasu ngati mkati mwa dzungu,
lofewa moti chikhadabo chingalembepo.
Pakatha masabata limafiira,
kenako limada, n'kuyamba kudzisokera chovala china
popanda wolilamula.
Nthawi ya chilala mizu imalondola madzi pansi pa mwala.
Mbozi zikachuluka, masamba amayamba kuwawa.
Kodi kumeneko ndi kudziwa,
kapena ndi momwe madzi amatsikira kuchigwa
osafunsa njira?

Mwina funso lathu ndi lofulumira.
Timafuna kuti ukuwe pomwepo, monga tichitira ife tikaponda minga,
pamene iwo liwu limodzi ungalitchule zaka zisanu ndi zinayi,
ife n'kukhala titapita kale kukadya.
Mwinanso mulibe kanthu,
ndipo ndi ine ndikubwereketsa mtima wanga kwa nkhuni.

Eulália wakulunga mawaya ake.
Akuti adzabweranso ndi makina abwinopo.
Custódio akutsokomola kuseri kwa thirakitala;
dokotala anamuuza zimene sanatiuze tonse.
Mtengo uwu adzausendanso ndi wina.

Ndaviika burashi.
Ndisanalembe, ndaika chikhatho pa thunthu lonyowalo,
monga umagwirira mwana pamphumi usiku.
Sunandiyankhe.
Komabe nambalayo ndailemba pang'onopang'ono,
osadinikiza.