Yesenia Winayo

Ku Arequipa, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya mankhwala,
ndimasunga ana mazana asanu m'kompyuta.
Aliyense ndi mzere umodzi: kulemera kwake pobadwa,
mawu amene ankadziwa ali ndi zaka ziwiri,
kalasi imene mayi ake analekezera.

Poyamba manambala anafuula:
ana a kusukulu ya mkaka amalankhula msanga!
Ndinatsala pang'ono kuwomba m'manja.
Koma opita kumeneko ndi omwewo
amene mayi awo ali ndi ya basi,
ndi mpata wowerenga nawo madzulo.
Nanga nditamande ndani,
mphunzitsi kapena ya basiyo?
Alipo wachitatu wobisala kuseri kwa chitseko,
amakoka zingwe zonse ziwiri,
ife n'kumati zikukokana zokha.

Chaka chatha malo anachepa, ana anachuluka.
Akhonsolo anachita maere pabwalo la tchalitchi,
timapepala m'chitini cha penti.
Ndiulule, mumtima ndinakondwa.
Maere alibe mbale,
sayang'ana nsapato za mwana.
Tsopano magulu awiri afanana,
chowasiyanitsa ndi chitini basi.

Dzina la Wilber linatuluka.
La Yesenia linatsalira pansi.
Mayi ake, Eufrasia Ccama, anangoti duu,
kenako anabereka wamng'ono m'nsalu yamizeremizere
n'kubwerera kumsika kukagulitsa mbatata.

Lero ndawayeza onse awiri.
Wilber watchula zithunzi makumi anayi,
Yesenia makumi atatu ndi zitatu,
n'kundifunsa chifukwa chimene phiri la Misti
limavalira chipewa choyera dzuwa likuswa mtengo.
Funso limenelo lilibe bokosi pa fomu yanga.

Amene ndikumufunayo sindidzamuona:
Yesenia winayo, wa tsitsi lomwelo, dzino loguluka lomwelo,
amene pepala lake linatuluka m'chitini.
Sangakwere masitepe kudzayezedwa.
Ndimamuumba ndi mawu obwereka
kwa ana a eni ake,
n'kulemba pambali pake:
mwina kuposa apa pang'ono, mwina kuchepera.

Kuona maso a nkhono n'kudekha.
Tidzawaitananso akadzakwana zaka khumi,
ngati sadzasamukira ku Lima,
ngati foni ya Eufrasia idzakhala yomweyo.

Ndazima kompyuta.
Pansi pa windo akudikira basi awiriwo,
mwana akuwerenga magalimoto ofiira mokweza.
Wafika pa khumi ndi awiri,
walumpha khumi ndi atatu,
ndipo palibe amene walemba.