Chipinda Chamdima ku Lille

M'mbandakucha Thibaut anamwa mankhwala owawasa,
nakwinya nkhope ngati mwana.
Akuti chotupa chimawameza mwadyera,
ubongo wabwinowo n'kungolawa.

Atatsegula chibade, dokotala anazimitsa nyali,
nayatsa ya buluu.
Mbala ija inanyeka yokha ngati khala,
mpeni n'kumailondola.
Mizu yozemba mpeni
anaithira kuwala kofiira
kuti dyera lomwelo liipsereze.

Tsopano namwino watseka makatani.
Masiku awiri, ati dzuwa ndi mdani wa khungu lake.
Mwamuna wanga,
amene wakonza nyali za m'misewu ya Lille zaka makumi atatu,
wagona mumdima,
akufunsa ngati kunja kwacha.

Ndamuuza kuti kwacha.
Zoti kwatsala miyezi ingati,
palibe wafunsa.