Piyano Yosadwala

Zaka makumi anayi ndinakwera zitunda za Valparaíso
chikwama cha zitsulo chili paphewa,
kuchiza mapiyano odwala chinyezi cha kunyanja.
Nyumba ndinkazidziwa ndi chifuwa cha piyano yake:
ya kwa a Quilodrán inkatsokomola chakumanzere,
ya kusukulu ya masisitere inali ndi mbewa m'mimba.

Lero mawondo akana masitepe.
Maite, mwana wanga, anandibweretsera iyi
m'katoni, yopepuka ngati chitseko cha kabati.
Ilibe nsambo, ilibe tinyundo.
Ndinaigogoda m'nthiti, sinayankhe.
"Bambo, ili ndi mawu mazana atatu,
ndipo siifuna dokotala."
Ankayesa akundisangalatsa.

Batani loyamba: piyano ya m'holo yaikulu.
Ndinatchera khutu kufuna pamene yapotoka.
Palibe. Lolemba ndi Loweruka chimodzimodzi,
nkhungu itsike, mphepo ya kudoko iwombe,
iyo ili nji, yolungama mpaka kunyansa.

Lachiwiri: piyano ya m'bala,
yopotozedwa dala.
Ndinaseka mpaka kutsamwa.
Pali munthu analipidwa kuti asunge matenda
amene ine ndinkadyera powachotsa.

Kenako ndinangoyendayenda m'manambala.
Limba la m'tchalitchi lopanda tchalitchi.
Mavayolini khumi ndi awiri pansi pa chala chimodzi,
onse omvera, palibe wochedwa, palibe wa matsire.
Lipenga lopanda malovu.
Kwaya ya amayi ongoti aaa,
sadziwa mawu ena, sameza mate,
ukachotsa chala amafera limodzi.
Chakumapeto anaikako mafunde.
Mafunde! Kugulitsa kwa ine,
amene ndikatsegula zenera
mchere umalowa mpaka mu shuga.

Mayi Berenice a chipinda chapansi
anagogoda denga lawo ndi mtengo wa tsache,
ndiye ndinavala mahedifoni.
Usiku wonse chikhamu cha oimba m'mutu mwanga,
m'nyumba mukungomveka
phapha phapha wa pulasitiki.

Linali Lachinayi, mvula ikusosola malata,
pamene ndinakapeza.
Nambala sikisite-foro, gitala ya nsambo zofewa,
kiyi wakuda wina chakumanzere.
Mawu asanazilale, pansi pake penipeni,
kanthu kakuti fwe.
Ndinabwereza. Fwe.
Si waya, si magetsi;
makutu awa sanandinamizepo.
Ndi chala chotsetsereka pa nsambo,
ndi kampweya kotuluka m'mphuno.

Kani munali munthu muno.

Tsiku lina, m'chipinda chopanda zenera,
kudziko kumene sindidzapondako,
wina anakhala pampando, nakhudza nsambo imodzi,
nadikira itonthole, nakhudza ina,
kuyambira m'mawa mpaka nyali za mumsewu,
osaimba nyimbo ngakhale imodzi.
Kaya msana unkamuwawa.
Kaya ankaganiza za basi yomaliza,
kapena za mwana wotentha thupi kunyumba.
Akatswiri anasesa, anakolopa, anapukuta,
koma aka kanawapulumuka
nkuwoloka nyanja m'katoni
kudzafika kwa nkhalamba yosagona tulo.

Ndinafuna kumuuza: ndakumva, mnzanga.
Inenso ndinatha moyo kugogoda kiyi mmodzimmodzi
m'zipinda za eni ake,
iwo ali kukhitchini kudikira ndimalize
kuti nyimbo ziyambe.

Lamlungu Maite anaimba foni.
"Mwaikonda?"
Ndinati ili ndi kachilema kamodzi.
"Tikaibweze, pepala la kusitolo ndikadali nalo."
Ndinati ayi, isiye.
Anakhala chete, kenako anafunsa za mankhwala a mawondo.

Chikwama chija chili pansi pa bedi,
sipanala yayamba dzimbiri.
M'mawa uliwonse, khofi asanawire,
sitima zikulira kudoko,
ndimadutsa piyano ya m'holo, limba, amayi a aaa,
manambala makumi asanu ndi limodzi ndi atatu osaima,
nkukagogoda pa kiyi wakuda uja
monga mmene umagogodera kwa mnansi wokhala yekha
kungofuna kumva ngati wadzuka.