Mng'alu wa Pamwamba pa Harare

Anadzanditenga ku Magaba Lachiwiri,
ndikuwotcherera mwendo wa wilibala,
magetsi atangobwera kumene.
Anati: Mayi Malizani, kumwamba khoma lang'aluka,
mpweya ukuthawa ngati m'tayala la kombi.

Ndinakwera chikepe cha pa Kopje
ndi ndodo zowotcherera khumi ndi ziwiri
ndi mabanzi awiri m'thumba la ovolosi.
Harare anafota pansi pa mapazi anga,
jakaranda yense nkusanduka kadontho ka inki,
Mukuvisi kaulusi kakuda kotayidwa ndi telala.

Siteshoni ija timaiyesa nyenyezi yaulesi usiku,
m'kati mwake mumanunkha mafuta opserera.
Kumanja kumakhala Anamkuwa, a maso asanu, olankhula ndi likhweru.
Kumanzere Anaphulusa,
amene akapsa mtima khungu lawo limayaka ngati khala.
Pakati pawo khoma,
pakhomapo mng'alu wotalika ngati mkono wanga
ukulira kuti psiii.

Bwanji osamata nokha?
ndinafunsa kudzera pa kamakina komasulira kolendewera m'khosi mwanga.
Khomalo ndi lawo, anatero a kumanja.
Khomalo ndi lawo, anatero a kumanzere.

Gwero lake nali:
tsiku lothawa kwawo, dzuwa lawo likuzima,
wina anafulumira kutseka chitseko,
mwana mmodzi nkutsala kunja.
Padutsa zaka mazana asanu ndi atatu.
Palibe akukumbukira kuti mwanayo anali wa mbali iti,
koma onse amamulira
ndipo akatha kulira amanola mikondo.

Mlonda wina, Zilu-Ote, anandiloza pachifuwa.
Nanga iwe, fuko lako nliti?
Ndinati atate a bambo anga anachoka ku Ntcheu wapansi
kudzakumba migodi ya eni,
ine mchombo wanga unagwera ku Mbare,
koma chitupa changa chinakhala zaka chikunditcha mlendo.
Anaphethira ndi maso onse asanu, limodzilimodzi.

Pomwepo khoma linati phwaa!
Mng'alu unayasama.
Makapu, nsapato, banzi langa limodzi,
zonse zinauluka kulowera kumdima,
ndipo pambuyo pake kamwana,
kochokera kuseri kwa mapaipi kumene wina anakabisa,
ka maso asanu,
khungu lake likuyaka ngati khala.

Ndinakagwira mwendo.
Musandifunse kuti bwanji, manja a ku Magaba sataya chitsulo.
Ndinakaponya m'manja mwa amene anali pafupi
osayang'ana kuti ndi wa mbali iti,
nkuyatsa moto wanga.

Ndodo khumi ndi ziwiri zinatha, dzenje likadalipo.
Ndinalanda mkondo wa Zilu-Ote,
ndinalanda wina kwa Mnaphulusa amene anangoti kakasi,
ndinaisungunula pamodzi mpaka osadziwika mwini,
nkumata chigamba chonyansa, chokhota,
chonga cha pa thalauza la mwana wasukulu.
Psiii uja analeka.

Kunali zii.
Kamwana kaja kokha kankatafuna banzi langa lotsala.

Ndikadakonda kunena kuti anagwirana chanza.
Pomwe ndimalongedza zida
anali atayamba kale kukangana za chigambacho,
kuti mkondo wa ndani walowamo wambiri.
Koma ankakangana atakhala pansi,
kamwanako kakuyenda pamiyendo pawo
kuchoka kumanja kupita kumanzere, nkubwereranso.

Anandilipira kamwala kotentha kamene akuti sikatha moto.
Ndinatsika usiku, Matapi yense ali mumdima,
ndinakalumikiza ku mawaya a chipinda changa,
babu nkuyaka.

M'mawa kusanache, pakhomo panali mzere wa mafoni.
A chipinda cha pansi akuti anafika poyamba ndi iwo,
a chipinda cha pamwamba akuti masitepewo ndi awo,
ndipo wina wakumbutsa kale za chidebe
chimene chinasowa pampopi ine ndisanabadwe.

Ndayang'ana kumwamba, nyenyezi yaulesi ikadali pompo.
Ndagula ndodo zina khumi ndi ziwiri.