Kabowo

Ine ndimadya za mabowo.
Pa Mpondasi, kufupi ndi mlatho,
pansi pa mtengo wa nimu,
ndimamiza chubu m'beseni la madzi akuda
n'kudikira thovu lindiuze pomwe munga unalowera.
Kabowo sikaoneka ndi maso.
Kamangonong'ona, tsii,
koma kamagoneka pansi njinga ya kabaza
ndi matumba ake awiri a makala.

Anthu a tauni ino amayankhula za mabowo tsiku lonse
osadziwa.
Kondakitala wa ku Namwera akukuwa,
mpata ulipo mayi, sendererani,
chonsecho mpatawo ndi ntchafu ya munthu wina.
Che Mbwana amene ndinawamatira matayala pangongole
akuti ndikapeza danga ndibwera.
Danga lawolo latha miyezi isanu likufunidwa.
Lachisanu shehe amayang'ana mizere yathu,
tsekani mipata, phewa ligunde phewa,
ndipo timatseka.

Ajida mdzukulu wanga waguluka mano awiri akutsogolo.
Sakubisa. Amaimbira likhweru pa gwerupo,
amathirirapo madzi anzake.
Nthawi ya buleki amazemba kusukulu
podzera pomwe mbuzi zinaboola mpanda,
kuti adzandigwirire pampu.
Ndimamukalipira, kenako ndimamupatsa pampuyo.

Msodzi wina wa ku Malombe anandiuza
kuti kwawo bowo la ukonde amati diso.
Diso likakhala lalikulu bwino, kasawala amadutsa
n'kukakula.
Ndinaganiza za singano ya amayi ake Twaibu,
yopanda ntchito ikadapanda kuboola kumutu,
za una wa mbewa, mphako ya njuchi,
za khomo, lomwenso ndi malo pomwe womanga anasiya njerwa.
Ndiye si bowo lililonse lofuna chigamba changa.

Twaibu naye anadutsa pa bowo.
Anatero yekha pafoni, akuseka:
Baba, waya wa kumalire ali ndi kabowo kagalu,
ndakwawa, malaya atsala komweko,
mawa ndilowa Joni.
Ndalama zinabwera kawiri, tinagula malata khumi ndi awiri.
Kachitatu zinabwera zochepa.
Kenako zii.
Ichi ndi chaka chachinayi.
Ndikaimba amayankha mayi wina wa mawu osalala
woti nambalayi sikupezeka,
ngati Che Mbwana ndi danga lawo.

Khoma la chipinda chake lachita mng'alu
kuyambira pazenera mpaka pansi.
Amayi ake amamata ndi dothi la kudambo,
mvula ikabwera mng'alu umabwerera,
amamatanso.
Ndinawauza kuti vuto lili ku maziko.
Anandiyang'ana ngati ndatukwana,
ndiye ndinasiya.
Pamkeka pali malo omwe palibe analamula kuti asakhalidwe,
koma mbale zimawazungulira,
ngakhale mphaka amawalambalala.

Kulibe beseni lomizamo nyumba yonse
kuti thovu lionetse pomwe mpweya ukutulukira.
Ndikadalipeza
ndikadapala pamalopo ndi chitini changa chokhakhala,
kupaka guluu, kuuzira mpaka aume,
kumata, kumenya ndi hamala pachitsa,
monga ndachitira zaka makumi awiri ndi zitatu
ndi matayala a anthu osawadziwa.

Lachisanu lapitali ndinaima pamzere wachitatu.
Kumanzere kwanga ndinasiya kampata,
kochepa, kokwana munthu wowonda.
Shehe anakaona.
Anayang'ana kampatako, anayang'ana ine,
anakonza chisoti chake
n'kutembenukira kutsogolo.

Ndili kubwerera ndinapeza mnyamata akundidikira,
thukuta kamukamu, njinga atayedzeka pa nimu,
nkhuku zisanu zomangidwa pakaliyala zili wefuwefu.
Akuti madala, yaphwa pamlatho penipeni,
muli ndi mpata?
Ndinati mpata ndili nawo, mwana wanga,
wochuluka.
Bweretsa chubucho.