Mboni Ziwiri

A Nyamukapa analemba pabolodi ndi choko chothyoka:
mboni ziwiri za nthawi imodzi, zoona ndi maso awo.
Mawu zikwi ziwiri, osapyola.
Ndime yoyamba inene poyera pamene mwaima.
Chilichonse chobwereka, mwini wake atchulidwe kunsi kwa tsamba.
Ndipo musakondere, anatero akusasa fumbi m'manja,
mbiri si maliro akwanu.
Lachisanu, isanakwane folo koloko, kunsi kwa chitseko changa.

Ndinakwera makombi awiri kuchoka ku Mufakose,
yachiwiri inanditula pamsewu wa ku Borrowdale.
Kunyumba yosunga zakale salola inki,
amati pensulo yokha, ndi manja ouma.
Bokosi linabwera pakangolo, lomanga ndi kachingwe.

Mboni yoyamba ndi mzungu woyang'anira fakitale ya fodya,
chaka cha 1951, mzinda uno ukadali Sozibele.
Taipi yake inkadumpha chilembo chimodzi ngati munthu wotsimphina.
Akuti anyamata a ku Nyasalandi ndi ofatsa,
amadya bwino, sadandaula, usiku amavina.
Munsi mwake muli mndandanda.
Mzere wachisanu ndi chiwiri: Sikisipensi, chitupa nambala yakuti,
wathawa ntchito popanda chifukwa.

Mboni yachiwiri sindinaikwerere kombi.
Imagona m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa wodilopu ya bambo,
pakati pa makhadi akuchipatala ndi malisiti a madzi
amene sanatuluke pampopi.
Kalata yopita ku Ntcheu imene sinapite,
kaya inasowa sitampa, kaya mtima.
Mlongo wanga Esinati,
fumbi la fodya landikhala pachifuwa,
ukatsokomola pamzere akudula tiki.
Mawa sindipitako.
Amayi uwauze kuti ndili bwino, bulangete likubwera.
Ndine Elifala.

M'chitini momwemo muli chitupa chothetheka.
Nambala ndinaiwerenga katatu, chala chikutsata.
Sikisipensi uja ndi agogo anga.

Magetsi anazima Lachitatu madzulo.
Ndinalemba ndi kuwala kwa foni, mafunso a a Nyamukapa pambali:
Analemba ndani? Ankalembera yani? Ankabisa chiyani?
Za mzungu zinayenda ngati madzi otsetsereka,
ankalembera bwana wake, ankafuna ukapitawo wake ukhale.
Ndinamuvula mpaka nsapato, ndime zinayi zathunthu.
Kenaka pensulo inaima pa mawu awiri aja,
ndili bwino.
Munthu wotsokomola magazi kukomboni, ndili bwino.
Bulangete limene bambo akuti silinagulidwe konse.
Ndiye kuti nawonso agogo ankanama,
ndipo pepala likufuna ndinene choncho, m'Chingerezi,
ndi kanambala kakang'ono pamwamba.

Ndinalemba. Ndinafufuta. Ndinalembanso:
Onse awiri akuti zinthu zili bwino.
Wina akunamiza amene amamuopa,
wina akunamiza amene amamukonda.
Sindikudziwa ngati kumeneko ndi kukondera.

Bambo anadzuka kukamwa madzi, naima pakhomo.
Anafunsa m'Chishona ngati ndadya,
kenaka m'chinenero chimene amangoyankhula akakwiya kapena akamapemphera:
kalatayo usaipinde mwatsopano, tsata mopinda mwakale.

Kunsi kwa tsamba, mzungu ali ndi adiresi yonse,
shelefu, bokosi, failo, tsamba lakutilakuti.
Agogo ndinavutika nawo.
Ndinangoti: Elifala Chimtengo, kalata kwa mlongo wake,
yosatumizidwa, chitini cha mabisiketi, Mufakose, Harare.

Kompyuta ya kulaibulale inawerenga mawu zikwi ziwiri ndi makumi anayi.
Ndinachotsa za gule wa Loweruka,
ndinachotsa dzina la Esinati pamalo awiri,
chifuwa ndinachisiya.

Lachisanu, kwatsala mphindi khumi,
ndinagwada pakhonde la ku Mount Pleasant
kukankhira mapepala kunsi kwa chitseko.
Anakakamira pakapeti.
Ndinawakankha ndi pensulo mpaka analowa.