Mavoti Asanu Patsiku

Ndinavota kasanu Lolemba, Lachiwiri kasanunso,
pafoni yong'aluka galasi, m'basi ya mbandakucha
yowoloka mlatho wachikasu wa mu Pittsburgh
kupita kubekare kumene ndimakanda ufa wa buledi.
Ndinavota m'dzina la mlongo wanga Bernadette,
ndinavota m'dzina la Stosh, mwamuna wake,
amene mpaka lero sadziwa kuti ali ndi imelo.
Mavoti onsewo dzina limodzi:
Eusebio Larrauri, wowakha wathu,
wa mawondo olira ngati chitseko cha m'chipinda chapansi.

Dzulo mayina a akatswiri atuluka.
Ndinawerenga kuchokera pamwamba, chala chili ndi ufa,
ndinabwereza kuchokera pansi,
kuganiza kuti mwina maso andinamiza.
Palibe.
Pamalo pake pali mnyamata wa mzinda waukulu,
wa mano oyera pachikwangwani cha mankhwala otsukira m'kamwa,
amene wakhala pabenchi milungu isanu ndi umodzi
dzanja lili m'chikhakha.
Anthu mamiliyoni amusankha.
Kodi anavotera chikhakhacho?

Eusebio amanjuta kumbuyo kwa womenya
zigawo zisanu ndi zinayi, dzuwa lili pamutu,
mpira ukumufikira ngati mwala wa legeni.
Wotsika amautchinga ndi chifuwa,
wosochera amauthamangira chokwawa.
Wagwira akuba khumi ndi asanu ndi awiri chaka chino,
ndawalemba ndekha kuseri kwa kalendala.
Koma ntchito yonjuta siioneka pakanema,
nkhope ili m'chigoba cha zitsulo sagulitsira malonda.

Stosh akuti, usadzipweteke mutu, mlamu,
voti ndi mpikisano wa kuchuluka kwa zala,
ndipo mzinda wathu zala zinatha
tsiku limene ng'anjo za zitsulo zinazima.
Akunena zimenezi akutafuna soseji
atavala jezi ya woponya amene tinamugulitsa kalekale.

Nanga chaka chathu?
Epulo anatipusitsa.
Tinapambana kasanu ndi kawiri motsatizana,
ine mpaka kugula mbendera yoika pawindo.
Meyi anabwera ndi mvula ndi zigongono zotupa.
Juni, musandifunse za Juni.
Masewero atatu tinali patsogolo mpaka chigawo chomaliza,
masewero atatu woponya womaliza anatsegula khomo
ngati wolandira alendo paukwati.
Eni timu akuti tikumanga, dekhani.
Anayamba kumanga ndili ndi tsitsi.
Nyumba yanji imene ikafika pawindo
amagulitsa njerwa n'kuyambanso maziko?

Bambo anga ankamvera besibolo pawailesi yaing'ono
atakhala pamasitepe a kukhomo, malaya atavula,
pensulo kukhutu.
Kale voti inali kapepala kobowola m'bwalo,
ankadzaza matumba a jekete
ndipo ine ndinkabowola ndi kiyi wa nyumba
mpaka chala kuchita thuza.
Wathu sankasankhidwa nthawi imeneyonso.
Bambo ankapinda nyuzipepala mwakachetechete
n'kunena kuti, mawa akuponya ndani?

Lachiwiri likudzali kudzakhala zozimira moto ndi nyimbo,
akatswiri adzaima pamzere atavula zipewa.
Ndalumbira kuti sindionera.
Ndinalumbiranso chaka chatha.
Eusebio, ndikumva, apita kwawo masiku anayi
kukaviika mawondo m'madzi oundana
ndi kunyamula mwana wake wakhanda
ndi zala zokhota zija.
Mwina iye ndiye wapambana.
Mwina ndine ndekha amene ndikutukwana uvuni.

Buledi wapsa, kunja kwayera.
Tatsala kumbuyo ndi masewero khumi ndi anayi.
M'thumba la epuloni muli matikiti awiri a Lachisanu,
mipando ya pamwamba penipeni, pafupi ndi nkhunda,
pamene mtsinje umaoneka bwino kuposa mpira.
Ndinawagula usiku womwewo mayina atatuluka,
ndili wokwiya, ndikunjenjemera.
Bernadette wandifunsa kuti, sunatope?
Ndatopa, ndamuyankha.
Unyamule juzi, kumachita mphepo kumwamba kuja.